Khasu Lozolowera Minda ya Eni

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. Ndimakalipa msanga, n'kuiwalanso msanga. Koma pali mkwiyo umodzi umene ndinausunga zaka zambirimbiri, ndipo unali wa pa munthu amene sanandimenyepo kapena kundilalatira ngakhale tsiku limodzi. Anali mphunzitsi wanga wa sitandade 6 pasukulu ya kwathu, kwa Nazombe. Tonse, ana ndi makolo omwe, tinkangowatchula kuti amadamu.

Sanali a kuno. Anachokera cha ku Ntcheu ali mtsikana, atangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo sanabwererenso. Amuna awo anamwalira msanga, mwana analibe, abale awo sitinawaonepo. Chilomwe chawo chinali choseketsa. Akamayesa kupereka moni kwa akuluakulu, ife tinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumafa nalo phwete. Anali aafupi, a mawu otsika, osakonda kuyamikira. Ukakhoza masamu onse ankangoti, wayesetsa, n'kupitirira. Anali ndi njinga yakuda yosupuka utoto, ndipo pakaliyala pake ankamangirirapo khasu ndi mphira. Khasu limenelo linkaopedwa m'midzi yonse yozungulira sukulu kuposa chikwapu cha ahedi.

Kachitidwe kawo kanali aka. Masiku amenewo ana tinali mbwee, ena m'kalasi, ena pansi pa mtengo wa mango, ndipo aphunzitsi ambiri ankangowerenga mitu basi. Amadamu ankaitana dzina lililonse m'kaundula, ngakhale zitenge theka la ola. Mwana akajomba tsiku limodzi, ankafunsa anzake. Akajomba lachiwiri, ankatuma uthenga. Akajomba lachitatu, sankafunsanso munthu. Loweruka m'mamawa ankapalasa njinga mpaka pakhomo pa mwanayo, n'kupereka moni mwaulemu, n'kufunsa kumene kuli munda. Akafika kumundako ankavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno, kumasula khasu, n'kugwira mzere wotsatana ndi wa mwanayo. Za sukulu sankatchula n'komwe.

Wosadziwa kwathu angaone ngati chinali chifundo chabe. Ayi ndithu, inali nkhondo. Kwathu mlendo wolemekezeka umamuyalira mphasa pamthunzi, sumusiya akukulimira munda ngati waganyu anthu akuona. Ndiye minda yathu yambiri ili m'mbali mwa njira. Odutsa ankaima n'kufunsa ngati aphunzitsi ayamba ganyu, iwo n'kuyankha osatukula mutu kuti akungolimiratu masiku amene mwanayu akhale ali m'kalasi. Pofika masana mudzi wonse unkakhala utamva kuti banja lakutilakuti likulimitsa mphunzitsi. Ndani angapirire zimenezo? Lolemba mwana ankapezeka pa mzere wa asembule, atasamba.

Sikuti nthawi zonse zinkayenda choncho. Kwina anawakhwirizira agalu. Kwina anapeza mwana ali thapsa ndi malungo, khasu n'kukhala lopanda ntchito, iwo n'kumubereka pakaliyala mpaka kuchipatala. Ana a amalonda a pamsika, amene ankajomba tsiku la msika kuti athandize kugulitsa, ankawatsatira komweko n'kukhala pabenchi kuseri kwa nsalu, akuitanira makasitomala m'malo mwa mwanayo, mpaka bambo ake atagonja.

Ine zinandigwera chaka chimene bambo anamwalira. Mayi anatsala ndi ana asanu, ine woyamba. Mvula inali itagwa bwino, udzu ukuthamanga kuposa chimanga, ndipo mayi anati ndiyambe ndasiya sukulu mpaka tipalire. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa yunifolomu yanga inali itang'ambika pamalo osayenera ndipo anyamata ankandiseka. Loweruka lake, ndili chowerama m'munda, ndinangomva kulira kwa tcheni cha njinga kumbuyo kwanga.

Mayi anagwada m'matope kuwapempha kuti asiye. Anawauza za maliro, za ana, za udzu. Amadamu anamvetsera zonse akuvomera ndi mutu, khasu likugwabe. Azimayi opita kuchigayo anatula madengu kuti aonerere bwino. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anadutsa ndi ndowa pamutu, n'kundiyang'ana, n'kuseka. Ine nkhope inatentha. Ndinapalira ndikulira, osati ndi chisoni koma ndi ukali, ndipo mumtima ndinawatukwana mawu onse amene ndinkadziwa m'zilankhulo ziwiri. Dzuwa litafika paliwombo tinali titamaliza theka la munda. Anapukuta khasu ndi udzu, n'kundiuza mawu okhawo amene anandilankhula tsikulo: "Lolemba ubwere ndi yunifolomu ija, ndili ndi singano."

Ndinapita. Iwo anabweranso Loweruka lotsatira kudzamaliza theka linalo, ngakhale ndinali nditabwerera kale kusukulu, chifukwa, monga anauzira mayi, udzu sudziwa kuti mwana ali m'kalasi. Ndinakhoza sitandade 8, ndinapita kusekondale, kenako kukaphunzira zaulimi. Lero ndine mlangizi. Ndimayenda pa njinga yamoto kuuza anthu katalikiridwe ka mizere, ndipo manja anga ndi ofewa ngati a khanda. Koma pasukulu paja anandipatsa dzina lachipongwe, ankanditcha bwana wa amadamu, ndipo linandimatirira mpaka ndinachokapo. Mlandu wonse ndinauika pa iwo. Sindinawathokozepo.

Musaganize kuti ndinkakhala kutali. Ntchito yanga ili kwa Mkhumba, ndipo msewu wopita kwa Nazombe ndimaudutsa mwina kawiri pamwezi. Atapuma pantchito, amadamu anamanga kanyumba pafupi ndi mphambano yolowera kusukulu. Denga lake limaonekera pamsewu, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Nthawi iliyonse ndikafika pa mphambanoyo ndinkachepetsa liwiro, njinga n'kumangolira pansipansi, ine ndikukambirana ndi mtima. Ndinkadziuza kuti lero ndilibe kanthu m'manja, munthu wamkulu supita kukamuona chimanjamanja; ndidzabwera ndi shuga ndi chitenje mwezi ukatha. Kenako ndinkawonjezera moto n'kupitirira. Mwezi unkatha, wina n'kuyamba. Mkwiyo unali utandithera kalekale, chotsala chinali manyazi, ndipo chaka chilichonse chimene ndinkachedwa manyaziwo ankakulirakulira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Uthenga wa maliro awo ndinauwerenga pafoni, pagulu la amene tinaphunzira pasukulu ija.

Tsiku la maliro magalimoto anadzadza bwalo la mpira. Kunabwera manesi, aphunzitsi, apolisi, wina wogwira kubanki, ngakhale shehe wa pamsika amene anati nayenso amadamu anagulitsapo nsalu pabenchi la bambo ake. Aliyense woyankhula ankatchula khasu, anthu n'kumaseka uku misozi ikutsika. Ine kukhala pansi kunandikanika, ndiye ndinapita kuseri kukathandiza kutsuka mbale. Kumeneko mayi wina woonda, wa chitenje chofwifwa, amene ankasonkhezera moto, anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi n'kunena motsitsa kuti, "Lero ndiye mwabwera ambiri." Ndinangowerama n'kupitiriza kutsuka mbale. Pambuyo pake ndinamva kuti amadamu anagona miyezi inayi miyendo itatupa, ndipo mwa amagalimoto tonsefe panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda pakhomopo.

Mwina n'chifukwa chake tinathamangira kukhazikitsa thumba lowakumbukira. Pasanathe mwezi tinagwirizana kuti tizisonkha, kuti chaka chilichonse ana awiri a pasukulu ija osankhidwa kupita kusekondale tiziwalipirira fizi ndi zofunika zina mpaka amalize. Wapampando tinasankha wa kubanki uja, amene kuyambira sitandade 1 sanatsikepo pa nambala wani, ndipo mpaka lero amayankhula ngati akulengeza zotsatira za mayeso. Munthu wabwino ndithu, kungoti amakonda mndandanda. Ine anandisankha kukhala mlembi poti ndimakhala pafupi.

Malamulo tinawapanga tsiku limodzi, m'kalasi ya sitandade 8, akuluakulu titapanikizika m'madesiki a ana. Wapampando anati mwana wolandira akhale wokhoza bwino, wamakhalidwe, komanso wosajomba, chifukwa amadamu ankadana ndi kujomba. Tonse tinavomera, zinamveka zoona. Wina anawonjezera kuti ahedi alengeze pa asembule, ofuna adzatenge pepala kuofesi, kholo lisaine. Zonsezo ndinalemba ndi dzanja langali, maso ali pawindo, chifukwa mitambo inali itakuta phiri la Michesi ndipo ndinkafuna kufika kunyumba mvula isanagwe. Lamulo la kujomba ndinalidula mzere kunsi kwake kuti lioneke bwino. Ine, wojomba uja.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, tinachita mwambo wopereka thandizolo Loweruka lina, teremu itangotsegulidwa. Panali kwaya, panali gule wa tchopa, chithunzi cha amadamu chili patebulo pakati pa maluwa apulasitiki. Koma pa malo awiri aja, mwana wokwanira malamulo onse anapezeka mmodzi yekha: mtsikana waulemu, mwana wa mwini golosale ya pamsika. Sindikumunyoza, anakhoza ndi mutu wake. Kungoti fizi bambo ake akanatha kulipira osagulitsa ngakhale nkhuku. Malo achiwiri wapampando anati adikire chaka chamawa, tisatsitse muyezo, anthu n'kuwomba m'manja.

Anzanga akudya, ine ndinakaima pakhoma la ofesi pamene anamata mayina a osankhidwa. Pamwamba penipeni panali dzina la mtsikana wosankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko, ndipo dzinalo silinali pa mapepala amene ndinalandira. Ndinafunsa mphunzitsi wa sitandade 8, mnyamata wobwera kumene, wa maso otopa. Anati mwanayo ndi wanzeru zoopsa koma wojomba wotheratu. Pa sabata ankaoneka masiku awiri kapena atatu. Bambo ake anawolokera ku Mozambique osabwerera, mayi ake ndi odwaladwala chifuwa. Tsiku lolengeza za thandizolo iye kunalibe. Atamva kwa anzake anabwera, anawerenga malamulo pakhoma, n'kubwerera osatenga pepala. Anawonjezera kuti kusekondaleko amusungira malo mpaka Lachisanu likubweralo, akapanda kufika apatsa wina, komanso kuti pali bambo wina wogula nandolo amene wayamba kufikafika pakhomo pawo, ndipo sakufunsa za nandolo yekha.

Ndinamufunsa ngati iyeyo anapitako kwawo kwa mwanayo. Anandiyang'ana modabwa, n'kundikumbutsa kuchuluka kwa ana amene ali nawo m'kalasi imodzi. Ndinatsala pang'ono kumusambitsa chokweza, koma ndinakumbukira mphambano ija n'kutseka pakamwa.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Lolemba ndinakaphunzitsa alimi za manyowa n'kusokoneza miyezo, mpaka mkulu wina anandifunsa ngati ndadya. Ndinkayamba ntchito iyi n'kuisiya, kugwira ina n'kuisiyanso. Ndinalemba pagulu la pafoni lija kuti talakwitsa. Kuti amadamu sankadana ndi wojomba, ankamutsatira. Kuti thumba limeneli likanakhalapo masiku athu, theka la ife sitikanalawako. Ena anaika tizithunzi ta manja opemphera, ena zii. Wapampando anayankha Lachiwiri kuti malamulo tinapanga tonse, ndipo zolemba zikuonetsa kuti mlembi sanatsutse. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandiwawa. Ndinamuimbira n'kumuuza mawu amene sindingalembe pano, mpaka kumukumbutsa kuti iye sanajombepo chifukwa kwawo kunali antchito. Kenako anati malo achiwiri alipo, ndipo ndikamuonetsa pepala losainidwa ndi kholo Lachisanu lisanakwane, iye satseka njira. Koma anandichenjeza kuti kholo losafuna silisaina, ndipo thumba silingalowe pakhomo pa eni kukakoka mwana.

Lachitatu ndinayesabe njira yachidule. Ndinatuma uthenga kudzera mwa mphunzitsi uja, yankho n'kubwera loti mayi a mwanayo ati zikomo, koma mizere sinagalauzidwe ndipo mvula siidikira fomu 1. Ndinazungulira ofesi ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinkadziwa chotsala, kungoti sindinkachifuna. Amadamu ankadikira Loweruka, koma kwa ine Loweruka linali lochedwa. Lachinayi m'mamawa ndinaima pamsika n'kugula khasu latsopano ndi mpini wake, wogulitsa akundiseka kuti alangizi ayamba liti kulima ndi manja. Ndinalimangirira kumbuyo kwa njinga. Pofika pa mphambano ija sindinadzipatse mpata woganiza, ndinangokhota.

Munda unali chakumtunda kwa sukulu, m'mbali mwa njira yopita kumjigo. Inali nyengo ya dzuwa, nthaka ili gwa. Nandolo anali atathyoledwa, mitengo yake yokha itatsala njo. Mtsikana wamtali, woonda, ankagalauza mizere, ndipo pamzere wina mayi ake ankalima pang'ono n'kuima kutsokomola. Nditayandikira ndinamuzindikira. Anali mayi wa pamaliro uja, wa chitenje chofwifwa.

Ndinapereka moni, ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kugwira mzere wotsatana ndi wa mtsikanayo, monga momwe ndinaonera ndili mwana. Ndinkayembekezera kuti mayiyo agwada kundipempha kuti ndisiye. Aa, anangotsamira pakhasu lake n'kumandionerera. Langa linkadumpha panthaka, ndipo mpini watsopano, wosasalala, unkandidya m'manja. Pasanathe ola matuza anali atatuluka. Odutsa anaima monga kale, wina anandizindikira n'kuitana anzake kuti adzaone alangizi alowa ganyu, winanso n'kunena kuti mzere wanga wakhota. Manyazi, m'malo mogwera mwini munda, anagwera ine.

Kenako mayiyo anaseka, kuseka kwakufupi kothera m'chifuwa.

"Za amadamu zimenezo," anatero. "Simunandizindikire, eti? Ndine uja ndinadutsa ndi ndowa, amadamu akulima m'munda mwanu."

Ndinamuyang'anitsitsa. Tinali a msinkhu umodzi, koma ankaoneka ngati mayi anga aang'ono. Anandiuza, osafulumira, kuti chaka chotsatira khasu lija linafika m'munda wa bambo ake. Koma bambo akewo manyazi anali atawamwera kachasu. Anakhala pansi pa mtengo n'kumauza odutsa kuti apeza ganyu yaulere, ndipo anawasiya amadamu alime Maloweruka anayi. Munda utatha, anamukwatitsa. Anati tsiku limenelo anawaona amadamu akukankha njinga m'malo mopalasa, akupukuta m'maso ndi chitenje. Iye sanapite kulikonse, anakhala m'mudzi momwemo. Amadamu atakalamba ankawatungira madzi, ndipo atagona, ndi iye amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwaphikira phala miyezi inayi yonse ija. Masiku amene iye ankakhala kumeneko, mwana wakeyu ankajomba kuti agwire munda. Masiku amene chifuwa chinkamugwetsa, mwana ankajomba kuti apite kwa amadamu. Amadamu ankakalipa, ankati miyendo ikanalola akanabwera kudzawalimira. Poona kuti sizitheka, anayamba kumuphunzitsa mwanayo ali chigonere, masamu ndi Chingerezi, masana aliwonse.

Ndinasiya kulima. Mwana amene anajomba chifukwa chosamalira amadamu ndi amene tinamutsekera kunja m'dzina la amadamu. Mtsikanayo ankalimabe, osatukula mutu, ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

"Lamulo lija ndinalemba ndine," ndinatero.

"Tikudziwa," anayankha mayiyo. "Mwanayu anawerenga dzina la mlembi pansi pake."

Ndinatulutsa pepala m'chikwama n'kufotokoza zonse mothamanga: malo achiwiri, Lachisanu, fizi, bulangeti, sopo. Ndinalonjezanso kuti ndilemba aganyu adzamalize munda. Anandimvetsera akuvomera ndi mutu, monga ankachitira amadamu. Anati iye sakumubisa mwanayo. Njira ya wogula nandolo uja akuidziwa kumene imathera, chifukwa anaiyenda yekha. Koma pepala silidzala chimanga, ndipo ang'ono ake a mtsikanayo alipo atatu. Za aganyu anati zamveka, kungoti pamaliro paja anamvanso malonjezo ambiri, kuphatikizapo a anthu amene anati adzamuthokoza ndi malata, ndipo mpaka lero akudikira. Amagalimoto, anatero, amalonjeza injini ikulira kale.

Apa mtima wanga wapachala unadzuka. Ndinafuna kumuuza kuti ine si wagalimoto, kuti ndajomba kuntchito chifukwa cha mwana wake, kuti manja anga awa akutuluka madzi. Mawu anafika pakhosi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo panalibe chimene ananama. Ndinameza, ndinabweza pepala m'chikwama, n'kutolanso khasu langa.

Anandisiya ndivutike mzere wina wathunthu. Ndiye anabwera n'kundilanda khasulo.

"Siyani lanuli, likumalizani manja," anatero. "Tengani ili, linazolowera minda ya eni."

Linali lalifupi, litadyeka mpaka kutsala ngati chikhatho, mpini wake wakuda ndi wosalala, uli ndi chipsera pamene mphira unkadutsa. Sindinafunse kuti ndi la ndani. Linkalowa m'nthaka mosavuta kuposa langa, kaya n'chifukwa cha kuthwa kaya n'chifukwa choti ndinali nditasiya kulimbana nalo. Tinalima atatu mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kawiri ndinamuona mtsikanayo akuba diso kuyang'ana chikwama changa chimene ndinachipachika pa mtengo wa nandolo, ndipo ndinadziwa kuti mtima wake uli m'menemo. Ine ndinkangowerenga maola: akapanda kusaina lero, mawa palibenso.

Mayiyo ndi amene anayamba kupukuta khasu. Anapita pamene panali njinga yanga, anapukutanso manja pachitenje, n'kundiuza kuti ndibweretse pepala lija. Ndinamufunsa ngati akufuna kudinda chala, ndipo anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Anatsamiritsa pepala pa chishalo n'kulemba dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zozungulira, zoima bwino, zofanana ndendende ndi zanga. Tonse tinaphunzira pa bolodi limodzi. Pondibwezera cholembera anati, "Munda watsala theka. Amadamu ankabweranso Loweruka lotsatira."

Ndinajambula pepalalo n'kulitumiza kwa wapampando ndili pomwepo. Anayankha ndi liwu limodzi lovomera. Lachisanu m'mawa ndinamunyamula mtsikanayo pa njinga mpaka pa siteji, ndi chikwama changa chakale ndi bulangeti la pabedi panga, ndipo tinakwera limodzi minibasi imene inkaima paliponse, ine ndikukangana ndi kondakitala njira yonse kuti tifulumire. Tinafika ofesi isanatsekedwe. Pachipata mwanayo anagwada kundithokoza, ine n'kumudzutsa mwaukali, chifukwa sindinathe kupirira kuthokozedwa.

Lamulo lija tinalifufuta pa msonkhano wotsatira, ngakhale panali kukokanakokana. Tsopano zotsatira zikatuluka, mmodzi wa ife amatenga kaundula wa sitandade 8 n'kuyamba ndi amene anajomba kwambiri, kuwayendera pakhomo ndi pakhomo. Wapampando anapitako chaka chatha, ndi nsapato zake zonyezimira, ndipo anabwerako wofatsa. Sikuti tonse timawapeza. Ena timafika atapita kale, ndipo zimenezo zimandisowetsa mtendere mpaka lero. Mtsikana uja ali fomu 3, sanajombepo.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija, lotsatira. Ndinapita, manja nditakulunga nsanza, ndi aganyu awiri amene ndinalonjeza aja. Titalima mpaka kutopa, ine ndi mnzanga wa sitandade 6 tinakhala pamthunzi kudya makaka, chinangwa chouma chija, amene anaphika ndi nandolo. Tinakumbutsana za anyamata amene ankatiseka, ambiri a iwo ali ndi zidzukulu tsopano, ndipo anandipepesa chifukwa cha kuseka kwa pa ndowa kuja, ine n'kumuuza kuti anachedwa nako kupepesako. Tinaseka. Ndiye ndinafunsa funso limene linkandikanda kuyambira tsiku la maliro. Ndinamufunsa ngati amadamu ankandikumbukira n'komwe.

Anatafuna kaye, akuyang'ana kumsewu. Anati ankatikumbukira tonse, kalasi ndi kalasi, ndipo za ine ankati uja ndi wamkwiyo, musiyeni, ukamuthera abwera. Ndinaseka pang'ono, ndikuganiza kuti zathera pomwepo.

"Njinga yanu ankaidziwa kulira kwake," anapitiriza. "Mukachepetsa liwiro pa mphambano paja, ankaimva ali m'nyumba. Ankandituma kuti ndikayale mphasa pakhonde."

Ndinamufunsa kuti kangati.

"Nthawi zonse," anatero. "Mukapitirira, ndinkakaipinda."

Sindinalire pamaso pake, ndinalirira pa njinga pobwerera, mpaka kuima m'mbali mwa msewu. Pa nthawiyo ndinangodzuka n'kutola khasu la amadamu, chifukwa panali patatsala mizere isanu ndi umodzi.